Idziweni Mbewu ya Nsomba Isanalowe M'damu

Sabata ino ndati ndikusimbireni za tsiku limene ndidagwetsa nkhope pamaso pa amayi 14 amene adandisankha kuti ndiziwatsogolera. Chidandichititsa manyazi si ngongole kapena miseche ayi, koma tiana ta nsomba, tinthu tosafika n'kutalika kwa chala cha mkombaphala. Ndikudziwa kuti ambiri a inu muli m'magulu amene akulingalira zokumba damu la nsomba, ndipo ena muli nalo kale. Tsono tcherani khutu, kuti dzenje limene ndidagwamo ine, inu mulilambalale.

Gulu lathu lili kuno ku Chiradzulu, m'munsi mwa phiri, kumene kuli kadambo kosaphwa madzi ngakhale m'mwezi wa Okutobala. M'chaka cha 2018 tidagwirizana zoyamba ulimi wa nsomba, ndipo chidatikakamiza ndi ndiwo. Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa idaphwa, monga idachitira mu 1968 ndi mu 1995. Matemba ndi milamba yowamba imene tinkagula pa msika wa Mbulumbuzi ndi pa Namadzi idayamba kuoneka patalipatali, ndipo kamulu kamene kale kankakwanira banja lonse kadasanduka kongonunkhiritsa mphika. Ana athu ankadyera nsima masamba okhaokha tsiku ndi tsiku. Tidati pakati pathu: madzi tili nawo, manja tili nawo, nanga tilekerenji kuweta zathu?

Amfumu adatipatsa malo. Tidakumba ndi makasu, dothi n'kumatuta ndi ndowa pamutu, ena ana ali kumbuyo. Patatha milungu isanu ndi umodzi damu lidatha, mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, kozama kwake madzi olekeza m'chiuno. Alangizi a za nsomba adabwera kudzaliona ndipo adatiyamikira. Adatiuza kuti damu lotere limafuna ana a nsomba 600, ndiye kuti atatu pa malo a mita imodzi mbali zonse. Adatilangizanso kuti tidikire, atithandize kupeza mbewu kwa mlimi wodziwika kapena ku Domasi m'boma la Zomba, kumene Boma lili ndi malo ofufuzira ndi kuswetsera nsomba za m'madamu kuyambira kalekale.

Kudikirako ndi kumene kudandikanika. Madzi adadzaza, mvula idayamba, damu lili phee, lopanda kanthu, ndipo anthu odutsa ankatiseka kuti takumbira achule nyumba. Tsiku lina chakumadzulo kudafika bambo wina pa njinga atamanga zigubu ziwiri. Adati wamva kuti tikufuna mbewu, ndipo iye ali ndi chambo chenicheni pa theka la mtengo. Ndidasuzumira m'chigubu, ndidaona tinthu tambirimbiri tikuyendayenda m'madzi a matope, mtima wanga n'kudumpha. Sindidaitane msonkhano. Ndidathamangira kwa amsungichuma, n'kuwauza kuti mwayi sudikira munthu. Iwo adati, "Apampando, bwanji tidikire kuche, tizione bwino?" Ine ndidakana. Tidapereka ndalama zimene amayi adasonkha pogulitsa nandolo ndi zitumbuwa, ndipo zigubu zonse ziwiri tidazikhuthulira m'damu kuli chisisira.

Miyezi isanu ndi umodzi tidatumikira damu lija mokhulupirika. Tidagawana masiku, aliyense kubwera ndi mbale ya madeya m'mawa ndi madzulo. Zizindikiro zidalipo, koma ine sindidafune kuziona. Mwezi woyamba nsomba zinkabwera mwaunyinji pamene tathira madeya, madzi kuchita kuwira. Mwezi wachitatu zidayamba kuchepa. Nthawi zina kunkamveka "phwa!" pakati pa damu, chinthu chakuda chitatulutsa mlomo n'kumiranso. Amayi ena akafunsa, ndinkawayankha kuti nsomba zikakula zimachita manyazi.

Tsiku lokolola lidafika mu Juni 2019. Tidabwereka khoka, tidaitana amfumu, ndipo abambo athu adalowa m'madzi kukakoka. Amayi adabwera ndi mabeseni, ena atalonjeza kale ana awo kuti lero kuli chambo. Khoka litafika pamtunda, mudali milamba 11 ikuluikulu, yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, matemba odzaza mbale imodzi, ndi makumba osafika 100, ambiri a iwo osaposa zala zitatu m'lifupi. Padali zii. Gogo wina wa m'gulu lathu, amene adakulira kufupi ndi Chilwa, adatola mlamba umodzi, nautembenuza, nati, "Mwana wanga, nsomba zanu 600 zija si izi? Zili m'mimba umu. Mudatsekera fisi m'khola la mbuzi, n'kumamupatsanso madeya." Amayi atatu adachoka m'gulu sabata yomweyo. Mmodzi adanena poyera kuti ndidagawana ndalama ndi wa njinga uja. Sindidadye ngakhale tambala imodzi, koma ndikanayankha chiyani? Safunsa adadya phula.

Alangizi atabweranso sadandikalipire. Adatenga beseni loyera, adathiramo madzi oyera, naikamo ana a nsomba a mitundu ingapo amene adabwera nawo, natiuza kuti tigwade tiyang'ane. Zimene tidaphunzira tsiku limenelo ndi zimene ndifuna kukupatsirani, pakuti m'chigubu cha madzi a matope nsomba zonse zimaoneka zofanana, koma m'beseni loyera, dzuwa likuwala, iliyonse imanena yokha dzina lake.

Yambani ndi mlamba, popeza ndi umene udatipweteka. Mwana wa mlamba muyang'aneni kuchokera pamwamba. Mutu wake ndi wophwatalala ndi wotambalala, thupi limanka lichepa mpaka kumchira, ndipo amasambira modzipinda ngati njoka, pansi pa beseni kapena m'mbali. Pakamwa pake pali ndevu 8, ndipo zimaoneka ngakhale ali wamng'ono, zopyapyala ngati ulusi. Alibe mamba, ndi woterera. Chipsepse cha pamsana ndi chimodzi chachitali, choyambira kuseri kwa mutu mpaka pafupi ndi mchira, ndipo mchirawo ndi wozungulira, wopanda mphanda. Akakhala wamng'ono kwambiri amafanana ndi mbululu za achule, koma mbululu zilibe zipsepse za m'mbali, ndipo mimba yake ndi yoburungika. Mukaona ndevu m'chigubu chimene akuti ndi cha chambo, imani pomwepo.

Ana a makumba, a chilunguni ndi a chambo ali ndi mamba, matupi awo ndi opyapyala m'mbali ngati tsamba loimirira, ndipo amasambira pamodzi pakati pa madzi. Kuwasiyanitsa atatuwa kumafuna kudekha. Chilunguni chili ndi mutu wotsetsereka msanga ndi kamwa laling'ono, mizere yakuda yotsika m'nthiti, ndi banga lakuda looneka bwino chakumapeto kwa chipsepse cha pamsana. Chikamakula, chifuwa chake chimafiira. Makumba amaoneka obiriwira motuwa, kumimba kwachikasu. Njira yotsimikizira ndi iyi: gwirani nsomba yokulirapo ndi dzanja lonyowa, muitembenuze, muwerenge minga yolimba imene ili kutsogolo kwa chipsepse cha kumimba chakufupi ndi mchira. Makumba kawirikawiri amakhala ndi minga inayi, pamene chambo ndi chilunguni zili ndi itatu. Matemba ndiwo savuta: ndi aatali, oonda, onyezimira ngati siliva, mchira wamphanda, ndipo chipsepse cha pamsana ndi chachifupi. Matemba ndi ndiwo zabwino, koma ngakhale muwadyetse chaka chathunthu sadzafika pa chikhatho.

Palinso chinyengo china chimene wa njinga uja adatichita. Makumba amaswana msanga m'damu, akadali aang'ono, chifukwa chake damu limene silikololedwa bwino limadzaza ndi nsomba zopinimbira. Nsomba yotere imaoneka ngati mwana, pamene ndi nkhalamba. Muidziwa ndi diso lalikulu losayenerana ndi mutu, mutu waukulu pa thupi lowonda, ndipo zina mukazitsegula kukamwa mupeza mazira, pakuti makumba aakazi amafungatira mazira ndi ana m'kamwa. Nsomba imene yayamba kale kuswa imathera mphamvu zake pa mazira, motero kukula kwake kumakhala kochedwa. Mukagula yotere mwagula agogo pa mtengo wa khanda.

Musaganize kuti ndikunyoza mlamba. Mlamba ndi nsomba yolimba kuposa zonse zimene timaweta. Kuseri kwa mutu wake kuli chiwalo chonga kamtengo ka nthambi chimene umapumira mpweya wa kunja, n'chifukwa chake umakhala moyo m'matope pamene zinzake zafa, ndipo usiku wa mvula umatha kukwawa pa udzu wonyowa kuchoka m'dambo kulowa m'damu lanu. Umakula msanga, uli ndi mnofu wambiri, ndipo wowamba umagulidwa bwino. Vuto lake ndi lakuti umameza chilichonse chokwana pakamwa pake, ngakhale abale ake omwe. Oweta milamba amasankhula ana ake kawirikawiri, aakulu paokha, aang'ono paokha, chifukwa pakati pawo pamakhala ena othamanga kukula amene amatha anzawo. Alimi ena amaika dala milamba yowerengeka m'damu la makumba, koma amatero makumbawo atakula kale, kuti milambayo izidya tiana tongobadwa tochulukitsa, damu lisadzaze. Mwaona kusiyana kwake? Iwo amaika akudziwa, pa nthawi yake ndi pa muyeso wake. Ine ndidaika ndili m'chimbulimbuli.

Ndinkayesa kuti umbuli wotere ndi wa ife a kumudzi tokha, mpaka mng'ono wanga, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, adabwera kudzadya nafe Khirisimasi chaka chomwecho. Nditamusimbira tsoka langa adaseka mpaka misozi, nati, "Achemwali, musadzione ngati ndinu nokha. Abwana anga, ndi sukulu yawo yonse ija, adagwa m'mbuna yomweyo." M'nyumba imene amagwiramo muli thanki ya galasi pabalaza, mmene amasungamo nsomba zongoonerera, osati zakudya, ndipo kuzidyetsa ndi kusintha madzi ndi ntchito yake. Eni nyumba adagula kansomba kotchedwa pleco, kotalika masentimita asanu okha, atauzidwa kuti kazinyambita ndere pa galasi. Pasanathe zaka zitatu kansomba kaja kadapitirira masentimita 30, kakuzula zomera za m'thankimo, kakudetsa madzi, ndipo kakulephera n'kutembenuka komwe.

Nsomba ya pleco ndi mbale wake wa mlamba, koma kwawo ndi ku South America, m'mitsinje monga Amazon. M'malo mwa khungu loterera ili ndi zikamba zolimba thupi lonse, ndipo kamwa lake lili kunsi, lozungulira, lomamatira pa mwala kapena pa galasi. Mitundu yake ilipo mazanamazana, kotero kuti kuyambira mu 1988 magazini ina ya ku Germany idayamba kuipatsa manambala oyamba ndi chilembo cha L, popeza yambiri inkafika m'masitolo isanapatsidwe n'dzina lomwe. Ana a mitundu imeneyi amafanana kwambiri, koma ina imalekera pa masentimita 12 kapena 15, pamene ina imafika 40 ngakhale 50. Mng'ono wanga adachita kuphunzira yekha kuisiyanitsa, ndipo ndidadabwa kumva kuti njira yake ndi yomwe ija ya alangizi athu, yowerenga. Nsomba ikatambasula chipsepse cha pamsana, muwerenge timitsitsi take. Tikakhala 10 kapena kuposerapo, dziwani kuti ndi mtundu wa zimphona. Tikakhala 7 kapena 8 ndi mtundu wina, koma pamenepo muyang'anenso mutu, chifukwa ina mwa imeneyi imakulanso ndithu. Mtundu waung'ono wotchedwa Ancistrus uli ndi mutu wotambalala ndi mphuno yofewa m'mphepete, ndipo yamphongo ikakula imamera tinyanga tofewa pamphuno.

Kwa inu amayi a m'tauni amene muli ndi thanki yotere, kapena amene mumaisamala kuntchito, mng'ono wanga adati ndikuuzeni izi. Ndere za pa galasi sizikwanira kukhala chakudya cha nsomba imeneyi. Muziipatsa kachidutswa ka nkhaka kapena ka dzungu laliwisi lanthete, madzulo pozimitsa nyale, pakuti imadya usiku, ndipo zotsala muzichotsa m'mawa zisanaole. Muikemo chikuni chimene chakonzedwera ntchitoyi ndi pobisala, chifukwa masana imafuna mdima. Madzi akhale ofunda, madigiri 24 mpaka 27, ndipo muzichotsako gawo limodzi mwa magawo anayi sabata iliyonse n'kuthiramo ena. Madzi a pampopi a m'tauni ali ndi mankhwala ophera tizilombo amene amaphanso nsomba, motero ayambe athiridwa mankhwala ochotsera amenewo. Koma choyamba pa zonse, musanagule funsani kuti kansombako kakadzakula kadzafika pati.

Chimene chidandiopsa pa nkhani yake ndi mathero a nsomba zotere. Anthu ambiri ikawakulira amaimvera chisoni, n'kukaitaya mumtsinje. Ku South Africa komweko yakhazikika kale mumtsinje wa Nseleni m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Ku Philippines yadzaza m'mitsinje ndi m'nyanja ya pafupi ndi mzinda wa Manila, ndipo ku Mexico asodzi adaipatsa dzina loti nsomba ya mdyerekezi chifukwa imadzaza ndi kuwononga maukonde amene kale ankagwira nsomba zodyedwa. Poswa imakumba mauna m'magombe. Inu amene mudasenzapo dothi la khoma la damu, taganizani nsomba yoboola khomalo! N'chifukwa chake lamulo lathu la za nsomba sililola munthu kulowetsa nsomba yachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo. Nsomba ya m'galasi ikakukulirani, ibwezeni kumene mudagula kapena mupatse wina amene ali ndi thanki yaikulu. Mumtsinje ayi, m'damu ayi.

Adandiuzanso chinthu china chimene chidandichititsa manyazi a mtundu wina. M'masitolo a nsomba zoonerera kumeneko muli nsomba za kwathu kuno. Mbuna za m'miyala ya nyanja ya Malawi, zamawangamawanga zija, zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera ku Salima kuyambira zaka za m'ma 1970. Ngakhale nkholokolo, kansomba ka ndevu ndi minga kamene asodzi amadandaula nako pokawonjola mu ukonde, kali ndi okakonda kumaiko akutali. Anthu amenewo amadziwa dzina la nsomba iliyonse, kumene imakhala, chimene imadya ndi msinkhu umene imafika. Ife eni ake timangoti nsomba ndi nsomba, bola ilowe mumphika. Kodi mukudziwa kuti kampango, amene timamukonda pa nsima, amalera ana ake, wamkazi ndi wamwamuna kuwalondera pachisa, ndipo wamkazi amawaikira mazira kuti adye? Chuma chimene sitichidziwa dzina n'chosavuta kutinamiza nacho.

Tsono kudziwa mwana wa nsomba ndi chiyambi chabe. Akadziwika afunika kulandiridwa bwino, ndipo apa ndi pamene ife amayi tiyenera kupambana, pakuti kulera ndi ntchito imene timaidziwa. Damu liyambe laumitsidwa mpaka matope a pansi atang'ambika, kuti milamba yobisala ndi tizilombo tife. Polowera madzi ndi potulukira pake muikepo sefa. Milungu iwiri mbewu isanafike, ikani manyowa a nkhuku kapena a mbuzi m'kakhola ka timitengo pangodya ya damu, kuti madzi abiriwire. Kubiriwirako ndi tizomera tosaoneka ndi maso timene ana a makumba amadya, ndiye phala lawo loyamba. Pisani mkono mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, manyowa achepa. Ngati chazimirira mkono usanafike pakati, achuluka, lekani kuthira ndipo lowetsani madzi atsopano.

Mbewu muziitenga m'mamawa kusanatenthe, ndipo musaipanikize m'chigubu. Mukafika padamu, tapaniko pang'ono m'beseni loyera, muyang'ane monga ndafotokozera, muwerenge, muchotse za ndevu, zopinimbira ndi zonse za zilonda. Za zilondazi musazichepetse. Mu 2020 ku Mchinji kudabuka matenda a nsomba a zilonda zofiira pathupi, ndipo matenda otere amayenda ndi nsomba zosamutsidwa ndiponso makoka obwerekana. Mukakhutira, musakhuthule mwadzidzidzi monga ndidachitira ine. Imikani chigubu m'damu kwa mphindi 15 kapena 20, muzithiramo madzi a m'damu pang'onopang'ono, kenaka muchipendeke kuti nsomba zituluke zokha. Madzi a m'chigubu ndi a m'damu amasiyana kutentha, ndipo kusintha kwadzidzidzi kumapha ana a nsomba ngakhale patapita masiku awiri.

Podyetsa, thirani madeya pa malo amodzimodzi ndi pa nthawi imodzimodzi, m'mawa dzuwa litakwera ndi chakumasana, ndipo muime muone mmene zikudyera. Kuima kumeneko ndiye kuwerenga kwanu kwa tsiku ndi tsiku. Madeya akatsala, mawa muchepetse, chifukwa otsala amaola n'kuwononga madzi. Ngati muli ndi chilunguni, chiponyereni masamba a mbatata, a maungu ndi chisoso, pakuti chimadya zomera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chatikuta kuno ku Chiradzulu, nsomba zimadya pang'ono, motero musataye madeya pachabe. Mukapeza m'bandakucha nsomba zili pamwamba zikuyasamula, dziwani kuti mpweya wachepa m'madzi: lekani kudyetsa tsiku limenelo, lowetsani madzi atsopano. Udzu wa m'mbali muzitchetcha kuti ng'azi ndi akatumbu asowe pobisala, mazira a achule muziwavuula, ndipo ana akamapita kudimba aziingitsa akakowa.

Mwina mukufunsa kuti gulu lathu lidatha bwanji. Amayi 11 amene adatsala adandikhululukira, koma adaika lamulo, ndipo ndidalivomera ndi mtima wonse: ndalama ya gulu isatuluke popanda msonkhano, ndipo mbewu isalowe m'damu popanda amayi atatu kuiona m'beseni loyera, masana. Ndidagulitsa mbuzi yanga imodzi n'kubweza theka la ndalama zija, ngakhale padalibe amene adandikakamiza. Abambo a kunyumba adang'ung'udza, koma pambuyo pake adati dzina labwino liposa mbuzi. Mbewu yachiwiri tidaitenga kudzera mwa alangizi, ndipo zaka zitatu zotsatira tidakolola makumba ndi chilunguni zokwana kudya ndi kugulitsako.

Mayeso enieni adabwera mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy. Boma lathu lidalira maliro ambiri, makamaka m'mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Yaikulu Likoswe, kumene matope ochokera m'phiri adakokolola nyumba ndi anthu. Poyerekeza ndi zimenezo, zathu zidali zazing'ono: khoma la damu lidagumuka mbali imodzi, nsomba zambiri zidapita ndi madzi, ndipo za m'dambo zidalowa. Titakonza khomalo, ena adati tingothiramo mbewu yatsopano pamwamba pa zotsalazo kuti tisataye nthawi. Amsungichuma aja, amene ndidakana malangizo awo tsiku lija, adandiyang'ana osanena kanthu. Ndidati ayi, tiphwetse damu lonse. Tidatero, ndipo m'matope tidatolamo timilamba 40 ndi kuposa, tina tochepa ngati chala. Tidatiika m'kadamu kawokawo kamene tidakumba pambali, ndipo patapita miyezi tidadya milamba yowamba ndi manja athu. Nsomba yomwe ija idatiliza mu 2019 idatipatsa ndiwo, chifukwa ulendo uno tidaidziwa ndipo tidaipatsa malo ake.

Mwa amayi atatu amene adachoka, awiri adabwerera. Wachitatu, amene adanditchula wakuba, sadabwerere mpaka lero. Timapatsana moni kuchigayo ndi kumaliro, koma zimathera pomwepo. Damu lidakonzeka, mbewu idagulidwa ina, koma chibale chimene chidasweka chifukwa cha kupupuluma kwanga kwa madzulo amodzi sichidabwerere m'malo mwake. Ichi ndi chimene chimandiwawa koposa nsomba 500 zija.

Amayi anzanga, m'mera mpoyamba. Wogulitsa mbewu akafika pakhomo panu, kaya ndi wa njinga kaya ndi wa galimoto, mulandireni mwaulemu, mumupatse mpando, koma mutulutse beseni loyera. Mufunseni kumene mbewuyo yachokera, makolo ake ndi nsomba zanji, ndipo yaswedwa liti. Itanani anzanu awiri, gwadani, yang'anani ndevu, yang'anani diso, werengani minga. Wogulitsa woona mtima sadzakwiya nazo, adzagwada nanu pamodzi. Amene ati mufulumire chifukwa kukuda, muuzeni abwere mawa kutacha.

Tsalani bwino, ndipo madamu anu abiriwire.